Kuzizira kwa Madzi Sikupha Tizilombo

Ana ambiri a kwa Nthache, m'boma la Mwanza, amaganiza kuti madzi ozizira a mumtsuko, kapena otunga pachitsime m'mwezi wa Juni, alibe matenda. Ife aphunzitsi tiyenera kuwongola ganizo limeneli. Kuzizira sikupha mabakiteriya ayi; kumangochedwetsa kuswana kwao. Ndiponso ena, monga Aeromonas hydrophila wopezeka m'mitsinje ndi m'zitsime, amaswanabe ngakhale pa madigiri 5, pakuti mafuta a m'khungu lao sagwirana msanga kukazizira. Mwana akamwa madzi otere angathe kutsegula m'mimba.

Pophunzitsa Sayansi tisayambe ndi dzina lovutalo. Tifunse ana chifukwa chake nsomba zaziŵisi zimaolabe m'nyengo yachisanu. Akayankha, tiŵiritse madzi pamaso pao, abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, ndipo tiwavundikire pozizira.