Mafuta Amene Amakuwa Mukaponda Munga

Ana inu, munayamba mwaponda munga mukusewera mpira wachikulunga? Kukacha, pabalapo pamafiira, pamatentha, pamatupa, ndipo mukangopakhudza, mayo ine! Zizindikiro zinayi zimenezi anazilemba Celsus wa ku Rome zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Koma iye sankadziwa amene amayambitsa chipwirikiti chonsechi.

Ndi mafuta. Inde, mafuta! Thupi lathu linamangidwa ndi tizipinda tating'ono kwambiri totchedwa maselo, ndipo selo iliyonse inakutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka mafuta. Munga ukaboola khungu, maselo a pamalopo, makamaka alonda oteteza thupi, amabudula kachidutswa ka mafuta pachikopa chawo chomwe. Kachidutswako dzina lake ndi arachidonic acid. Nthawi yomweyo amakasandutsa mfuu yoitana thandizo.

Mfuu yoyamba ndi prostaglandin. Imeneyi imalamula timitsempha ta magazi kuti tifutukuke. Magazi ofunda amakhamukira pabalapo, n'chifukwa chake pamafiira ndi kutentha. Timadzi tina timatuluka m'mitsemphamo, phazi n'kutupa. Prostaglandin yomweyi imadzutsanso minyewa yomva ululu, moti ngakhale kukhudza pang'ono kumapweteka. Musaudandaule kwambiri ululuwo. Ndi umene umakuyendetsani motsimphina kuti musapondere pabala.

Mfuu yachiwiri ndiyo imandisangalatsa ine. Dzina lake ndi leukotriene B4, ndipo imaitana maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophil. Maselowa alibe maso, alibe makutu. Amangolondola kumene mfuuyo yachuluka, ngati nyerere zolondola shuga wotayika. Amadzipanikiza potuluka mumtsempha, n'kukwawa mpaka pabala, n'kuyamba kumeza tizilombo tomwe tabwera ndi munga. Akafika, nawonso amatulutsa leukotriene B4 kuitana anzawo ena. Mafinya amene mumanyansidwa nawo aja, mbali yaikulu ndi asilikali amenewa atafera kunkhondo.

Nanga mankhwala opha ululu amatani? M'chaka cha 1971, John Vane wa ku London anapeza kuti asipirini amatsekereza maselo kupanga prostaglandin. Mfuu ikachepa, ululu ndi kutupa zimachepanso. Mu 1982 iye analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Sune Bergström ndi Bengt Samuelsson a ku Sweden, amene anafufuza mafuta amenewa. Koma tamverani: asipirini si wa ana, pokhapokha adokotala atanena okha, chifukwa angadwalitse chiwindi ndi ubongo wa mwana.

Nkhondo ikafika kumapeto, maselo amatenganso arachidonic acid yemwe uja n'kupanga uthenga wina wotchedwa lipoxin. Umenewu umauza ma neutrophil kuti basi, asabwerenso ena. Kenako maselo akuluakulu otchedwa macrophage amasesa pabwalo, kumeza mitembo ndi zinyalala zonse. Phazi limaphwa, khungu latsopano limamera, ndipo inu mumabwerera kumpira.