Mabuku a Nkhani Zojambula Oyenera Ana a M'chigwa cha Luangwa

Mphunzitsi wa m'boma la Mambwe, kaya ndi wa ku Mfuwe, wa kwa Jumbe kapena wa ku Msoro, akafunsidwa ndi anthu akufuna kwabwino kuti atchule mabuku amene sukulu yake ikusowa, kawirikawiri amayamba ndi madikishonale ndi mabuku okonzekera mayeso, ndipo palibe amene angamudzudzule pa chimenecho. Koma ulipo mtundu wina wa mabuku umene akuluakulu ambiri amauyesa wachibwana, chonsecho ndiwo umene wakokera ana osawerengeka ku chizolowezi cha kuwerenga. Amenewa ndi mabuku a nkhani zojambula, amene ambirife timangowatcha makatuni. Popeza ndalama ndi zochepa, ndipo buku lochokera kunja limayenda ulendo wautali kudzera ku Lusaka ndi ku Chipata lisanatsike m'chigwa, nkoyenera kuti wosankha asankhe modekha, podziwa kuti mabuku khumi kapena makumi awiri amene adzaikidwe m'kabati ya sukulu adzaumba maganizo a ana ambiri kwa zaka zambiri.

Tiyambe tafotokoza mmene buku lotere limagwirira ntchito. Tsamba limagawidwa m'timabokosi, kabokosi kalikonse kali ndi chithunzi chake, ndipo mawu a munthu amalembedwa m'kathumba kotuluka pakamwa pake. Koma mphamvu yeniyeni ili pa kampata koyera kamene kamalekanitsa kabokosi ndi kanzake. Tiyerekeze kuti m'kabokosi koyamba muli mayi amene wawerama m'mphepete mwa mtsinje wa Luangwa, ndowa ili m'manja. M'kabokosi kachiwiri muli ndowa yokha ikuyandama, madzi akuchita mafunde, ndipo pamchenga patsala patapata mmodzi. Wojambula sanaonetse ng'ona, sanalembe ngakhale liwu limodzi, komabe mwana aliyense wa kwa Kakumbi wadziwa kale chimene chachitika, ndipo mtima wake wagunda. Mwanayo ndiye wamaliza nkhaniyo m'mutu mwake. Nchifukwa chake sitiyenera kunena kuti wowerenga makatuni ndi waulesi, pakuti maso ake ndi nzeru zake zikugwira ntchito pamodzi; ndiponso mwana amene kwawo amayankhula Chikunda, kusukulu naphunzira Chinyanja ndi Chingerezi, amapeza kuti chithunzi chikumutsogolera pamene liwu lachilendo likadamuimitsa.

Kufotokoza nkhani ndi zithunzi si chinthu chobwera ndi sitima. Makolo athu adajambula pa matanthwe a ku Kalemba kufupi ndi Chadiza, a ku Thandwe, ndi a ku Chongoni ku Dedza (malo otsirizawa UNESCO idawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006), ndipo zina mwa zithunzizo zidali zolangizira anamwali. M'nthawi ya makina osindikizira, achikulire amene adakhalako m'tauni kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 amakumbukira African Film, magazini ya kampani ya Drum imene inkafotokoza ndi zithunzi zojambulidwa ndi kamera zochita za Lance Spearman, wofufuza milandu wovala suti. Ana a sukulu a m'zaka za m'ma 1970 amakumbukira Orbit, magazini imene Unduna wa Zamaphunziro wa Zambia unkasindikizira achinyamata, ndiponso magazini ya Chongololo, ya makalabu osamalira zachilengedwe amene adayamba mu 1972. Ku Malawi, Brian Hara adaseketsa ndi kulangiza mtundu wonse kudzera mwa Pewani wa m'nyuzipepala ya Malawi News. Kunjako, mabuku aatali a mtunduwu adayamba kulemekezedwa ngati mabuku a anthu akuluakulu Will Eisner atatulutsa A Contract with God mu 1978, ndipo pofika 1992 limodzi mwa iwo lidalandira mphoto ya Pulitzer ku America.

Nanga wosankha ayese ndi muyeso wotani? Ine ndiona kuti mafunso atatu ngokwanira. Kodi bukuli likunena zoona za moyo wa munthu, ngakhale nkhani yake ikhale yopeka? Kodi zithunzi zake zikusenzadi nkhani, kapena zangokhala zokongoletsa? Ndipo koposa zonse, kodi mwana wa m'chigwa akalitseka adzadziona wolemekezeka kapena wonyozeka? Funso lachitatuli ndilo limagwetsa mabuku ena otchuka, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chitsanzo chake ndi Tintin in the Congo, buku la Hergé wa ku Belgium, limene lidayamba kutuluka m'nyuzipepala mu 1930, pamene Congo idali m'manja mwa dziko lakwawo. Luso la cholembera chake palibe angalikane. Koma anthu akuda adawajambula ndi milomo yonyanyira, amantha, aulesi, ogwadira kamnyamata kachizungu ndi galu wake. Nyama nazo sizidapulumuke: Tintin aombera agwape khumi ndi asanu motsatizana, avulaza njovu natenga minyanga yake, ndipo pa tsamba lina abowola msana wa chipembere, aikamo bomba, nachiphulitsa, zonsezo zitajambulidwa ngati zoseketsa. Kwa mwana wa ku Brussels mwina zidali nthabwala; koma m'chigwa muno, mmene zipembere zidalimo zikwizikwi pamene nkhalango ya South Luangwa inkakhazikitsidwa ngati paki mu 1972, kenaka nkuphedwa mpaka Zambia idalengeza mu 1998 kuti zatheratu, ndipo zisanu zoyamba zidachita kubwera pandege kuchokera ku South Africa mu 2003 kukaikidwa ku North Luangwa, tsamba limenelo silingaseketse munthu woganiza. Buku lotere alisunge mphunzitsi wa mbiri yakale, kuti azionetsa ophunzira akuluakulu mmene atsamunda ankationera. Koma m'kabati ya ana mulowe Tintin in Tibet, la 1960, mmene Hergé yemweyo, atakula m'nzeru, adafotokoza za mnyamata wokwera mapiri a chisanu kufunafuna bwenzi lake Chang, amene anthu onse adamuyesa wakufa pa ngozi ya ndege.

Tsono poyamba pa zonse pakhale mabuku a kwathu kuno ku Africa, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa ana aang'ono kuli Akissi, kamtsikana kosamva ka ku Abidjan, kolembedwa ndi Marguerite Abouet wa ku Côte d'Ivoire. Kuli Supa Strikas, nkhani za timu ya mpira zochokera ku South Africa, zimene mnyamata wodana ndi buku amazitsegula wosachita kumuuza. Kulinso mabuku a Sara, amene UNICEF idawafalitsa kum'mawa ndi kumwera kwa Africa kuyambira m'zaka za m'ma 1990, onena za mtsikana wolimbikira sukulu pamene achibale afuna kumuchotsa. Kwa a ku sekondale kuli Aya, buku la Abouet yemweyo lojambulidwa ndi Clément Oubrerie, limene lidatuluka mu 2005 ndi kulandira mphoto pa chikondwerero cha ku Angoulême ku France chaka chotsatira. Aya ndi namwali wa ku Yopougon wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, wofuna kudzakhala dokotala pamene anzake Adjoua ndi Bintou atanganidwa ndi zibwenzi; ndipo ubwino wa bukuli ngwakuti mulibe nkhondo kapena njala, koma muli anthu akuseka, akukangana, akukwatirana ndi kunamizana, monga zikhalira pamudzi uliwonse.

Pambali pa amenewa pakhale mabuku atatu a mbiri yoona. Loyamba ndi Nelson Mandela: The Authorised Comic Book, lokonzedwa ndi bungwe la Nelson Mandela Foundation pamodzi ndi ojambula a Umlando Wezithombe, lotsata mwana woweta ng'ombe wa ku Qunu mpaka zaka zake 27 za m'ndende, ndipo mphunzitsi angawonjezepo kuti likulu la chipani chake cha ANC lidali ku Lusaka m'masiku a ukaidiwo, ndi kuti Mandela adafika kumeneko mu February 1990, mwezi womwewo umene adamasulidwa. Lachiwiri ndi Abina and the Important Men, la Trevor Getz ndi Liz Clarke, lochokera pa zolembedwa za bwalo la milandu la ku Gold Coast, imene lero ndi Ghana, kumene mu 1876 mtsikana Abina Mansah adasumira munthu wachuma amene ankamusunga ngati kapolo. Mlanduwo sudamukomere, koma mawu ake adasungika, ndipo ana a m'chigwa chimene amalonda a minyanga ndi akapolo adachisautsa m'zaka za m'ma 1800 ayenera kuwamva. Lachitatu ndi When Stars Are Scattered, la 2020, mmene Omar Mohamed, mothandizana ndi Victoria Jamieson, akufotokoza ubwana wake m'msasa wa othawa kwawo wa Dadaab ku Kenya, akulera mng'ono wake Hassan wosatha kuyankhula, nasinkhasinkha ngati kuli kololeka kumusiya masana kuti iye apite kusukulu. Anthu a kum'mawa kwa Zambia, amene adalandira abale a ku Mozambique ku Ukwimi kufupi ndi Petauke m'nthawi ya nkhondo ya kwawo, nkhani imeneyi siidzakhala yachilendo kwa iwo.

Tikatha a kwathu, titsegule chitseko kwa alendo, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Wamkulu wa onse ndi Maus, la Art Spiegelman, limene lidatuluka m'magawo awiri mu 1986 ndi 1991, ndipo ndilo lidalandira Pulitzer ija. Wolembayo akhala pansi ndi atate wake okalamba, a Vladek, Myuda wa ku Poland amene adapulumuka ku ndende ya Auschwitz, nalemba zonse zimene akumuuza. Koma Ayuda awajambula ngati mbewa, Ajeremani ngati amphaka, ndipo anthu a ku Poland ngati nkhumba. Ife amene tidakula ndi nthano za Kalulu ndi Fisi tidziwa kale kuti nyama ya m'nthano imanyamula choonadi chimene nkhope ya munthu ikadachilemetsa. Chimene chikweza bukuli nchakuti silibisa zofooka za wopulumukayo: nkhalambayo njoumira, njovuta kukhala nayo, imawerenga mapiritsi ake limodzilimodzi patebulo, ndipo mwana wake amaikonda ndi kutopa nayo nthawi imodzi. Ili ndi buku la ophunzira a makalasi omaliza, ndipo mphunzitsi ayambe waliwerenga yekha. Pambali pake pakhale Persepolis, la Marjane Satrapi, lotuluka pakati pa 2000 ndi 2003, lojambulidwa ndi inki yakuda yokha, mmene kamtsikana ka ku Iran kakuona dziko lake likutembenuka mu 1979. Ndiponso March, mabuku atatu a John Lewis, amene ali mwana ankalalikira nkhuku za atate wake ku Alabama, atakula namenyedwa mpaka kusweka mutu pa mlatho wa ku Selma mu 1965 pomenyera ufulu wa anthu akuda wa kuponya voti. Gawo lachitatu la March lidalandira mphoto ya National Book Award mu 2016.

Kugula ndi chiyambi chabe. M'chigwa muno chiswe sichigona, dzinja limadza ndi chinyezi ndi madzi osefukira, ndipo kutentha kwa mwezi wa October kumasungunula guluu womangira masamba. Mabuku akutidwe ndi pulasitiki, asungidwe m'kabati kapena m'bokosi lachitsulo lokwezedwa pa njerwa, ndipo wobwereka aliyense alembedwe m'kaundula. Komabe asatsekeredwe chifukwa choopa kuti angathe, pakuti buku lothera m'manja mwa ana lagwira ntchito yake, koma lokhala latsopano m'kabati yokiya lili ngati talente ija ya m'Baibulo imene kapolo wamantha adaikwirira pansi. Kuwerengako kukhale kwa pamodzi: ana atatu kapena anayi pa buku limodzi, wina atenge mawu a munthu uyu, wina a uyo, ndipo pomaliza afotokoze m'chinenero chawo chimene chachitika pakati pa kabokosi ndi kabokosi.

Pali malo amodzi m'kabatimo amene mabuku onse tatchulawa sangawadzaze, ndiwo malo a buku la m'chigwa momwe muno, lolembedwa m'Chinyanja kapena m'Chikunda. Nkhani zilipo zochuluka: ulendo wa Akunda motsogozedwa ndi Mambwe, amene boma lino lidatengera dzina lake, chiyambi cha mwambo wa Malaila, moyo wa wansembe Leonard Kamungu, amene adatsegula mishoni ya Msoro namwalira komweko mu 1913, pangano la Mfumu Nsefu ndi Norman Carr la 1950, limene lidatsegula njira ya alendo odzaona nyama, ndi usiku wa mlimi wolondera munda wake kwa njovu, nkhani imene mlendo wobwera ndi kamera saidziwa. Manja aluso aliponso: ojambula nsalu a Tribal Textiles ku Mfuwe, ochita zisudzo a SEKA, ndi ana a m'makalabu a bungwe la Chipembele, limene malo ake ophunzitsira zachilengedwe adatsegulidwa mu 2001. Mutu umodzi susenza denga; wodziwa mbiri akhale pansi ndi wodziwa kujambula, mphunzitsi wa chinenero awongole mawu.

Chotero inu aphunzitsi, makolo, mafumu ndi eni malo ogona alendo amene mumathandiza masukulu athu, mukamalemba mndandanda wa mabuku, ikanipo awa tawatchulawa monga mmene thumba lingalolere, ndipo pa ndalama zomwezo patulanipo zogulira mapepala, mapensulo ndi inki. Mwana amene wawerenga Aya ndi Maus mpatseni pepala loyera, mumuuze kuti agawe timabokosi tisanu ndi kamodzi, ajambulemo nkhani imene agogo ake adamuuza.