Zinthu 6 Zodabwitsa za Mafupa Omeretsedwa ndi Madokotala

1. Fupa likathyoka limalumikizana lokha, osasiya ndi chipsera chomwe. Koma likaduka chigawo chachikulu chifukwa cha ngozi, khansa kapena chipolopolo, mpatawo sutsekeka. Kawirikawiri madokotala amapala fupa la m'chiuno mwa wodwala n'kukaikapo, ndiye munthu amasenza mabala awiri.

2. Maselo opanga fupa akhala nafe nthawi yonseyi, m'mafuta a m'mafupa. Alexander Friedenstein wa ku Moscow anawatulukira m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo lero amatchedwa ma stem cell. Vuto ndi lakuti paokha sangaime pampata. Amafuna chimango chokhala ndi timabowo, monga mmene dothi limafunira mitengo pomata nyumba.

3. Chimangocho chikhoza kukhala galasi. Larry Hench wa ku University of Florida anapanga Bioglass mu 1969, msilikali wina wochokera kunkhondo ya ku Vietnam atamudandaulira za anyamata odulidwa miyendo. Galasili limamatirira ku fupa lamoyo.

4. Ku Faenza, m'dziko la Italy, akatswiri asandutsapo mtengo wa rattan, uja wolukira mipando, kukhala chimango cha fupa, n'kuchiyesa pa nkhosa.

5. Ichi ndiye chimandigwira mtima. Mu 2004 ku Kiel, m'dziko la Germany, Patrick Warnke ndi anzake anameretsa nsagwada kumsana kwa munthu. Bamboyo, wa zaka 56, khansa inali itamudya chibwano. Anamuumbira kakhola ka titanium kofanana ndi nsagwada, n'kuthiramo tizidutswa ta fupa, mafuta a m'mafupa ake ndi puloteni ya BMP-7, kenaka n'kukakwirira mumnofu wa kumsana. Patatha milungu 7 anakachotsa pamodzi ndi mitsempha yake n'kukalumikiza kumaso. Pasanathe nthawi yaitali, munthu amene kwa zaka 9 ankangodalira zakudya zofewa ndi zamadzimadzi anatafuna buledi ndi soseji.

6. N'chifukwa chiyani anachita kubisa kumsana? Magazi. Selo likatalikirana ndi mtsempha wa magazi kupitirira pafupifupi 0.2 mm, limasowa mpweya n'kufa, choncho fupa lalikulu lomeretsedwa mu labotale limafa pakati. Chimango tili nacho, maselo tili nawo, koma kulowetsa mitsempha m'kati mwa fupa lochindikala ndiye ntchito imene ikuwavutabe akatswiri, ndipo ndalama za kafukufuku ziyenera kupita kumeneko.