Kaluso ka Mbuliwuli Koteteza Makhanda Kuchisanu

Miyezi ya Juni ndi Julayi ikafika, anthu a ku Angónia ndi Tsangano amadziwa kuti nkhondo ya chisanu yayamba. Dera limeneli ndi lokwera kwambiri, ndipo m'madambo mame amatha kuuma n'kuwaula masamba m'dimba. Wamkulu amathawira pamoto, nanga khanda lobadwa kumene?

A zaumoyo amaphunzitsa kuti thupi la khanda liyenera kutentha pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Khanda limazizidwa msanga, makamaka kumutu, chifukwa mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi. Lobadwa masiku osakwana ndiye liri pangozi yoposa. N'chifukwa chake m'zipatala mayi amauzidwa kuika mwana wotere pachifuwa, khungu kukhungu, atamuveka chipewa. Njirayi, yotchedwa kangaroo, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978.

Apa ndi pamene amayi oluka ndi singano ya mbedza, imene pa Chipwitikizi amati croché, amakhala ofunika m'mudzi. Koma si chipewa chilichonse chimene chimafunda. Cholukidwa mwa maenje ngati doilo la patebulo chimakongola, koma mphepo imangodutsa. Chofunda ndi chokhala ndi timatuza, kalukidwe kamene mabuku a Chipwitikizi amakatcha ponto pipoca, kutanthauza mbuliwuli, poti timatuzato timafanana ndi chimanga chophulika m'chiwaya. Ulusi ukaunjikana chonchi nsalu imanenepa, ndipo mpweya wotsekeredwa m'kati mwake ndiwo umasunga kutentha.

Kalukidwe kake n'kosavuta kwa amene amadziwa kale kuluka tcheni ndi timizati titalitali, tija amati ponto alto. Woluka amaluka timizati 5 pabowo limodzi. Kenaka amasolola singano, n'kuilowetsa pamutu pa kamzati koyamba, n'kukola ulusi uja anausiya pa kamzati kachisanu, n'kuukoka kudutsa. Timizati tonse timakumana pamodzi ndipo thuza limatumphuka. Akatero amaluka timizati wamba tiwiri kapena titatu, n'kupanganso thuza lina. Mzere wotsatira umakhala wamba, wopanda thuza, kuti chipewa chisaume ngati chikumba. Timatuza tonse tiyang'ane kunja, mbali yosalala ndiyo ikhudze khungu la mwana. Wophunzira kumene asataye mtima mizere yoyamba ikakhota. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vuto la mbuliwuli ndi limodzi: imadya ulusi. Pamalo poyenera kamzati kamodzi pamalowa tisanu, ndiye mpukutu umatha msanga. Komatu pali njira. Juzi yakale ya pakaunjika, zovala zija ena amati calamidade, ingathe kumasulidwa kuyambira pamsoko. Ulusi wake umatuluka wopotanapotana, choncho amaukulunga kumsana kwa mpando, n'kuuchapa ndi sopo, n'kuuyanika pamthunzi atamangirira kamwala kumunsi kuti uwongoke. Ulusi wokanda pakhosi pa munthu wamkulu usapite pamutu pa khanda. Singano ikasowa kusitolo, sipoko ya njinga yosongoledwa bwino ndi tupa imagwira ntchito, bola isakhale yadzimbiri.

Amene akuluka zogulitsa ku msika wa Ulongwe, kapena kumisika ya m'malire monga Lizulu, awerengere bwino. Chipewa cha timatuza chikagulitsidwa pamtengo umodzi ndi chosalala, woluka wagwira ntchito yaulere. Mtengo uphatikize ulusi wonse ndi nthawi yake, ndipo wolandira makwacha ayambe wafunsa kasinthidwe kake ndi metikali tsiku limenelo. Ena amachepetsa ndalama poika timatuza mizere iwiri yokha mozungulira makutu, pamene mphepo imavutitsa kwambiri.

Chenjezo lina ndi lakuti chipewa cha khanda chisakhale ndi zingwe zomanga pakhosi kapena mikanda yoti ingathothoke, ndiponso chisatsike mpaka kuphimba mphuno.

Tsono inu amayi oyembekezera, apongozi ndi anamkungwi, musadikire kuti chisanu chikupezeni manja ali m'khosi. Yambani kuluka chimanga chisanalowe m'nkhokwe, kuti mlendo akadzafika adzapeze chipewa chake chili chikonzere.