Mukachoka ku Fajr, dzerani ku damu

Mwezi wa Okutobala kuno ku Midzemba kutentha sikusewera. Tsiku lina titatuluka mu mzikiti pambuyo pa swala ya Fajr, tinapeza makumba m'damu lathu ali pamwamba pa madzi, kukamwa kuli yasa yasa ngati akupempha chakudya. Ife tinawathira madeya. Tinalakwa. Pofika masana ena anali atatembenuza mimba.

Sinali njala, abale athu, kunali kubanika. Ndere zobiriwira zija zimapanga mpweya wa okosijeni dzuwa likamawala, koma usiku nazonso zimaupuma, ndipo manyowa ndi madeya owolera pansi amaudyanso. Madzi akatentha sasunga mpweya wambiri. Ndiye m'bandakucha, nthawi ya Fajr yomweyo, ndi pamene umachepa kwambiri. Mlamba usakupusitseni poti uli bwinobwino, uja umatha kupuma mpweya wakunja.

Mukaona zotere lekani kudyetsa. Tsegulani ngalande madzi atsopano alowe, ana azitunga ndi ndowa n'kumakhuthulira momwemo kuchokera m'mwamba. Kenako viikani mkono mpaka m'chigongono: chikhatho chikapanda kuoneka, zitosi za nkhuku ziyambe zaima kaye.