Mantha Ndi Mdani wa Mtima Wosowa Magazi

Pa 5 April 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anakomoka mwadzidzidzi kunyumba ya boma mu Lilongwe. Anathamangira naye ku chipatala cha Kamuzu Central, koma sanatsitsimuke, pakuti mtima unaima. Imfa yotere sisankha: imagwera bwana wa ku Area 10, wogulitsa mumsika wa Old Town, ngakhalenso mlimi kumudzi.

Mtima wa munthu wamkulu umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi. Ubongo umaulamulira kudzera m'mitsempha ya uthenga ya mitundu iwiri. Ina imaufulumizitsa pamene munthu wachita mantha, wakwiya kapena akuthamanga. Ina imaubweza kuti ugunde mofatsa.

Tsono mafuta akatseka mtsempha wodyetsa mtima, mbali ina ya mtimawo imasowa magazi ndi mpweya. Ululu ndi mantha zimadzutsa mitsempha yofulumizitsa ija, ndipo thupi limatulutsa adrenaline wambiri. Zili ngati kukwapula ng'ombe yolema pa ngolo yodzaza. Mbali yodwalayo imasemphana kagundidwe ndi mbali yabwino, kufikira mtima ungonjenjemera osapopa magazi. Munthu amagwa, ndipo pakangopita mphindi zowerengeka ubongo umayamba kuonongeka.

N'chifukwa chake madokotala amapereka mankhwala monga atenolol ndi propranolol, amene amachepetsa mphamvu ya uthenga wofulumizitsawo. Sir James Black, amene anatulukira propranolol, analandira mphotho ya Nobel mu 1988. Ngati munapatsidwa mankhwalawa, musawasiye mwadzidzidzi popanda uphungu wa kuchipatala.

Zizindikiro zake ndi izi: chifuwa kulemera ngati mwaikidwa mwala, ululu wofika kudzanja lamanzere kapena kunsagwada, thukuta lozizira ndi befu. Munthu wotere asayende pansi kapena kupalasa njinga. Anyamulidwe kupita kuchipatala msanga. Mukhazikeni pansi ndi kumulankhula modekha, pakuti kulira ndi chipwirikiti zimaonjezera mantha. Akakomoka n'kusiya kupuma, mugonekeni chagada, ndipo kanikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi, osalekeza kufikira thandizo litapezeka.

Lero musanachoke pachipatala, pemphani achipatala akuyezeni kuthamanga kwa magazi. Siyani fodya, chepetsani mchere.