Diso la Namwino pa Wodwala Wochitidwa Opaleshoni

Munthu wa kwa Kasakula akachitidwa opaleshoni pachipatala chachikulu cha Ntchisi, moyo wake umatsamira pa diso la namwino. Mtima wa munthu wamkulu umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi imodzi. Kugundako kukakwera, kuthamanga kwa magazi n'kumatsika, thupi n'kuzizira ndi thukuta, namwino amazindikira kuti mwina magazi akutayikira m'kati, ndipo amaitana dokotala msanga. Zikavuta, wodwalayo amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Choncho inu odikirira odwala, musawapatse phala kapena mankhwala azitsamba namwino asanalole. Musabisenso chachilendo chilichonse: kubwebweta, kuchepa kwa mkodzo, kapena bala lotuluka mafinya. Kunena msanga kumapulumutsa moyo.